Kodi makina ojambula m'kati mwa thupi angapereke umboni pamene wochitiridwa nkhanza alibe bala looneka?

Phungu wa Ovutika analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka inu amene mumagwira ntchito m'zipatala ndi m'mabwalo a milandu. Ntchito yanga ndi yopereka uphungu kwa anthu amene achitiridwa nkhanza, ndipo kawirikawiri ndimawaperekeza kuchipatala kuti akapimidwe ndi kulandira lipoti la dokotala. Miyezi ingapo yapitayo ndinaperekeza mayi wina amene mwamuna wake anamukanyanga pakhosi mpaka kukomoka. Tinafika kuchipatala patadutsa masiku awiri. Mawu a mayiyo anali atasasa, ankamva kupweteka pomeza ngakhale malovu, koma pakhungu panalibe bala kapena mkwingwirima umene munthu akanauloza ndi chala. Pa lipoti panangolembedwa kuti palibe kuvulala kooneka, ndipo mawu ochepa amenewo ndi amene ankabwerezedwa nthawi zonse nkhaniyo ikamakambidwa, ngati kuti akutsimikizira kuti mayiyo ananama.

Mafunso anga ndi awa. Kodi makina ojambula m'kati mwa thupi akanatha kuonetsa zimene maso sanaone? Ngati akanatha, ndi makina ati amene akanathandiza, ndipo munthu ayenera kujambulidwa pasanathe nthawi yaitali bwanji? Komanso kodi n'zoyenera kupempha kuti munthu ajambulidwe pofuna umboni chabe, ngakhale dokotala akuona kuti chithandizo cha wodwalayo sichidalira chithunzicho?

Wojambula Odwala anayankha kuti:

Zikomo Mayi Phungu chifukwa cha funso lanu. Ndagwira ntchito yojambula odwala kwa zaka zambiri, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti khungu ndi mboni yosadalirika. Mikwingwirima imachedwa kutuluka, imazimiririka pakapita masabata ochepa, ndipo pa khungu lakuda imavuta kuiona ngakhale ilipo ndithu. Kafukufuku wa milandu 300 ya anthu okanyangidwa pakhosi mumzinda wa San Diego ku America, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2001, anapeza kuti pafupifupi theka la anthuwo analibe chizindikiro chilichonse chooneka kunja. Choncho zimene munaona pa mayi uja si zachilendo ayi.

Makina aliwonse ali ndi maso akeake. X-ray, imene Wilhelm Röntgen anaitulukira mu 1895, imaona bwino mafupa ndi zitsulo. Imatha kuonetsa chipolopolo kapena nsonga ya mpeni imene yatsalira m'thupi, ngakhale kuti kukula kwenikweni kwa chipolopolo sikuyezedwa molondola pa chithunzi, popeza chinthu chimaoneka chachikulupo chikakhala patali ndi mbale yolandira chithunzicho. Pali kuthyoka kwina kumene ife timakhala nako tcheru. Munthu akakweza mkono kuti atchinge mutu pamene akumenyedwa ndi ndodo, fupa la mkono la mbali ya chala chaching'ono limathyoka lokha chapakati, pamene munthu amene wagwa n'kutsamira dzanja kawirikawiri amathyoka pafupi ndi pamene dzanja limalumikizana ndi mkono. Koma X-ray ili ndi malire ake. Nthiti imene yangothyoka kumene koma osasuntha m'malo mwake ikhoza kubisala, ndipo minofu ya pakhosi imangooneka ngati mthunzi wotuwa umene sunena kanthu.

CT, imene inayamba kugwiritsidwa ntchito pa wodwala mu 1971 ku London potsatira ntchito ya Godfrey Hounsfield, imagwiritsanso ntchito cheza cha X-ray, koma imajambula thupi m'magawomagawo opyapyala amene kompyuta imawalumikiza. Iyi ndi imene timathamangira ikakhala nkhani ya magazi otayikira m'kati mwa chigaza, mafupa a nkhope monga nsagwada, mphuno ndi fupa lopyapyala la pansi pa diso limene limaphwanyika munthu akamenyedwa chibakera, komanso kung'ambika kwa chiwindi, kapamba kapena impso. Imatenga mphindi zochepa chabe. Sikani ya ultrasound, yomwe ambiri amaidziwa chifukwa cha amayi oyembekezera, imaonetsa msanga ngati m'mimba kapena mozungulira mtima mwadzaza magazi, koma zotsatira zake zimadalira luso la amene wagwira kachipangizoko, ndipo ngati sanasunge zithunzi, chimene chimatsala ndi mawu ake okha.

Pa nkhani ya mayi wanu, makina amene akanaona minofu bwino ndi MRI, amene amagwiritsa ntchito maginito amphamvu m'malo mwa cheza. Madokotala ofufuza za milandu a ku Bern ku Switzerland anaonetsa, m'zaka za m'ma 2000, kuti mwa anthu amene anapulumuka atakanyangidwa, MRI imatha kuonetsa kutupa ndi magazi otayikira m'minofu ya khosi, m'mafuta a pansi pa khungu, m'timwanabele ndi mozungulira kholingo, ngakhale pamene kunja sikukuoneka zambiri. Zizindikirozi sizikhalitsa, chifukwa thupi limazichotsa pamene likuchira, kotero kuti kujambula m'masiku oyambirira kuli ndi phindu loposa kujambula patapita masabata. Vuto ndi lakuti makinawa sapezeka paliponse, munthu amagona m'katimo osasuntha kwa theka la ola kapena kuposerapo, zimene zimavuta kwa munthu amene wangopulumuka kumene ku kubanika, ndiponso salowamo munthu amene ali ndi tizidutswa tachitsulo m'diso kapena pafupi ndi ziwalo zofunika.

Dokotala wa Ovulala anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi zimene a Wojambula afotokoza, koma ndikufuna kusintha poyambira. Nditawerenga nkhani yanu, Mayi Phungu, chimene chinandidetsa nkhawa choyamba si umboni umene unatayika, koma moyo wa mayiyo. Munthu amene wakanyangidwa mpaka kukomoka, mawu n'kusasa, kumeza n'kumavuta, ali ndi zifukwa zokwanira zachipatala zoti khosi lake liunikidwe, kaya pali mlandu kaya palibe. M'khosi mumadutsa mitsempha ikuluikulu inayi yopititsa magazi ku ubongo, iwiri kutsogolo ndi iwiri yodutsa m'mafupa a khosi. Ikafinyidwa kapena kukokedwa, chikutiro chake cham'kati chikhoza kung'ambika, magazi n'kuyamba kuundana pamalopo, ndipo kachidutswa ka magazi oundanawo kakathothoka n'kupita ku ubongo, munthu amadwala sitiroko patapita maola, masiku, ngakhale masabata, pamene aliyense akuganiza kuti zinatha. Kuunika kumene timadalira pamenepa ndi CT yojambula mitsempha, imene wodwala amabayidwa mankhwala owalitsa magazi, ndipo imaonetsanso ngati kholingo kapena kafupa ka pansi pa lilime kathyoka. Kung'ambika kwa mitsemphaku sikuchitika mwa ambiri, koma pamene kwachitika, kukupeza msanga ndi kumene kumapulumutsa munthu.

Palinso chifukwa china chimene nkhaniyi sitiyenera kuichepetsa. Kafukufuku wina wa ku America amene anasindikizidwa mu 2008 anapeza kuti mayi amene anakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake ali pa chiopsezo chodzaphedwa chochuluka pafupifupi kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi mayi wochitiridwa nkhanza amene sanakanyangidwepo. N'chifukwa chake mayiko ena anakhazikitsa mlandu wapadera wa kukanyanga munthu pakhosi, monga zinachitikira ku England ndi Wales mu 2022.

Tsopano funso lanu lomaliza, loti kodi munthu angajambulidwe pofuna umboni chabe. Apa ine ndimakhala wosamala kwambiri. X-ray ndi CT zimalowetsa cheza m'thupi, ndipo lamulo lathu ndi lakuti kujambula kulikonse kukhale ndi phindu loposa chiopsezo chake. Kuti muone kukula kwake, munthu aliyense amalandira cheza chachilengedwe cha pafupifupi 2.4 mSv (mSv ndi muyezo wa cheza chimene thupi lalandira) pa chaka kuchokera m'nthaka, m'mlengalenga ndi m'zakudya. X-ray imodzi ya pachifuwa siposa 0.1 mSv, CT ya mutu ndi pafupifupi 2 mSv, pamene CT ya m'mimba imafika pa 8 kapena 10 mSv. Kwa munthu wovulala kwambiri, ziwerengerozi si zoti n'kumazengereza nazo. Koma kwa mwana, kwa mayi woyembekezera, kapena kwa munthu amene alibe chizindikiro chilichonse cha matenda, sindingalembe CT chifukwa chakuti loya wapempha. Ngati cholinga ndi umboni wokha, njira zoyenera kuyamba kuziganizira ndi MRI ndi ultrasound, zimene zilibe cheza choterechi, ndipo mwini thupi ayenera kufotokozeredwa bwino cholinga chake n'kuvomera yekha mosakakamizidwa.

Ndikuchenjezeninso pa chinthu chimodzi chimene ndaona chikupweteka anthu amene timafuna kuwathandiza. Chithunzi chimatha kutuluka chopanda vuto lililonse pamene munthuyo anakanyangidwadi. Kutseka mitsempha ya magazi ya m'khosi sikufuna mphamvu zambiri, ndipo ikatsekedwa mbali zonse munthu amakomoka m'masekondi pafupifupi 10, mwina popanda kung'ambika kapena kuthyoka kulikonse. Tikawaphunzitsa anthu kuti makina ndiwo amanena zoona zonse, tsiku limene makinawo sadzapeza kanthu tidzakhala tapereka tokha chida kwa woimbidwa mlandu. Cholakwika chachikulu pa lipoti la mayi uja sichinali kusowa kwa chithunzi, koma kusalemba zimene zinalipo: mawu osasa, kupweteka pomeza, kukomoka, ndiponso ngati anafunsidwa za kudzikodzera pa nthawiyo kapena kuyang'anidwa timadontho tofiira m'maso, m'kamwa ndi kuseri kwa makutu. Zimenezi sizifuna makina aliwonse, zimangofuna dokotala wofatsa ndi cholembera.

Woimira Anthu pa Milandu anayankha kuti:

Ndilankhulepo monga munthu amene zithunzizi zimamupeza zitafika kale ku bwalo la milandu. A Dokotala anena zoona kuti chithunzi si chilichonse, komabe ndisabise kuti pamaso pa woweruza chili ndi kulemera kwake. Mlandu umazengedwa patapita miyezi, mabala atapola, wodandaula akuoneka wathanzi ndipo mwina akuchita mantha kulankhula. Chithunzi cha nsagwada yothyoka chimakhala chimodzimodzi monga chinalili tsiku limene chinajambulidwa, ndipo katswiri wina akhoza kuchiwerenganso payekha, zimene sizitheka ndi bala limene linapola. Chimathandizanso kusiyanitsa mlandu wa kumenya wamba ndi wa kuvulaza kwambiri, popeza malamulo a mayiko ambiri amaika chilango molingana ndi kukula kwa kuvulala ndi chiopsezo chimene moyo unali nacho.

Koma chithunzi sichitchula dzina la munthu. Chimaonetsa kuti fupa lathyoka, sichinena kuti walithyola ndani, ndipo mbali inayo idzanena kuti wodandaula anagwa pa masitepe. Apa ndi pamene kalembedwe ka dokotala kamafunika. Ndondomeko ya Istanbul Protocol, imene inakonzedwa mu 1999 ndipo bungwe la United Nations linaivomereza kuti izitsogolera kufufuza nkhani za kuzunzidwa kwa anthu, kenako n'kukonzedwanso mu 2022, imapereka njira yabwino. Dokotala sanena kuti wodandaula akunena zoona kapena akunama, koma amanena mlingo umene zimene wapeza zikugwirizana ndi nkhani imene wauzidwa. Milingoyo ilipo isanu, kuyambira pa kusagwirizana n'komwe, kudutsa pa kugwirizana koma pali zifukwa zina zambiri zimene zingachititse zomwezo, mpaka pa kunena kuti palibe njira ina imene kuvulalako kukanachitikira. Ndondomekoyi imanenanso momveka kuti kusapezeka kwa zizindikiro pathupi si umboni wakuti munthu sanazunzidwe. Ngakhale inalembedwera nkhani za anthu ozunzidwa ndi akuluakulu a boma, kaganizidwe kake n'kothandiza pa nkhanza za mtundu uliwonse.

Chimene chimagwetsa umboniwu kawirikawiri ndi kasungidwe. Ndalandirapo chithunzi chimene munthu anajambula ndi foni pa galasi la kompyuta ya kuchipatala, chopanda dzina, chopanda tsiku, ndipo sichinkasonyeza ngati mkonowo ndi wamanja kapena wamanzere. Loya wa mbali inayo sanavutike n'komwe kuchikana. Zithunzi zachipatala zimasungidwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa DICOM, umene umanyamula dzina la wodwala, tsiku, nthawi ndi makina amene anajambula. Pemphani kuti zithunzi zonse zikopedwe mu mtundu umenewu, osati ziwiri kapena zitatu zosankhidwa, pamodzi ndi lipoti losainidwa ndi dokotala wowerenga zithunzi, ndipo pakhale kalembera wosonyeza amene anapereka, amene analandira ndi tsiku lake. Kumbukiraninso kuti zithunzizi ndi chinsinsi cha wodwala. Zikhoza kuulula zinthu zimene sizikukhudzana ndi mlandu, monga pakati kapena matenda ena, choncho wodwala ayenera kudziwa zimenezi asanavomere kuti zipite kupolisi, kupatula pamene malamulo a dziko lake akukakamiza chipatala kupereka lipoti, monga zimakhalira kawirikawiri pa nkhani za ana.

Phungu wa Ovutika analembanso kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. A Dokotala, mawu anu andilasa, chifukwa ine ndinkangoganiza za mlandu pamene mayiyo akanatha kudwala sitiroko ali kunyumba. Poti a Loya atchula ana, ndifunsenso kamodzi. Nanga mwana wamng'ono amene sangathe kufotokoza, kapena munthu wamkulu amene wakhala akumenyedwa kwa zaka zambiri, kodi zithunzi zingaonetse kuti kuvulala kunachitika liti, ndiponso kuti kunachitika kangapo?

Wojambula Odwala anayankhanso kuti:

Mayi Phungu, nkhani ya ana ndi imene inatsegula maso a madokotala pa zonsezi. Mu 1946 dokotala wowerenga zithunzi za ana, John Caffey, anafotokoza za makanda amene anali ndi magazi otayikira m'kati mwa chigaza pamodzi ndi mafupa othyoka a miyendo ndi mikono, popanda ngozi yodziwika imene makolo ananena. Mu 1962 Henry Kempe ndi anzake ananena poyera kuti ana oterewa akumenyedwa ndi owalera. Lero, mwana wosakwana zaka 2 akakayikiridwa kuti wachitiridwa nkhanza, timajambula mafupa a thupi lonse, chiwalo chilichonse pachokha, m'zithunzi pafupifupi 20 kapena kuposerapo. Kumuika mwana yense pa chithunzi chimodzi n'kulakwitsa, chifukwa kuthyoka kumene tikufuna n'kwakung'ono kwambiri. Timayang'ana nthiti zothyoka kumbuyo pafupi ndi msana, zimene zimachitika munthu wamkulu akafinya chifuwa cha khanda ndi manja awiri, komanso timing'alu ta kumapeto kwa mafupa ataliatali pafupi ndi mawondo ndi akakolo, timene timabwera mwendo ukakokedwa kapena kupotokoledwa. Khanda limene silinayambe kukwawa silidzithyola lokha motere.

Kujambulaku timakubwereza pakapita masiku 11 mpaka 14. Chifukwa chake n'chakuti fupa likayamba kupola, pamalo pothyoka pamamera fupa latsopano looneka ngati mfundo, ndipo nthiti imene inabisala tsiku loyamba imaonekera bwino. Mfundo imeneyi ndi imenenso imatithandiza kuyerekeza nthawi. Fupa lopanda chizindikiro cha kupola ndiye kuti lathyoka chaposachedwa, la mfundo yofewa lathyoka masabata angapo apitawo, ndipo la mfundo yolimba imene yayamba kusalala ndi la miyezi. Mwana mmodzi akapezeka ndi mafupa othyoka amene ali pa misinkhu yosiyana ya kupola, nkhani yoti anagwa kamodzi pabedi siimanso. N'chimodzimodzi ndi mayi wamkulu amene wabwera ndi mkono wothyoka lero, chithunzi n'kuonetsanso nthiti zakale zopola ndi mphuno imene inathyokapo.

Koma musayembekezere tsiku lenileni. Katswiri woona mtima amapereka nyengo, monga kunena kuti pakati pa masabata awiri ndi asanu ndi limodzi, ndipo amene angakuuzeni kuti fupa linathyoka Lachiwiri akunena zoposa zimene chithunzi chikuonetsa. Magazi a m'chigaza nawonso amasintha maonekedwe, amakhala owala pa CT m'masiku oyambirira kenako n'kumadera pang'onopang'ono, koma kasinthidwe kake kamasiyana munthu ndi munthu. Tisanaloze chala kholo, madokotala a ana ayeneranso kutsimikiza kuti mwanayo alibe matenda ofewetsa mafupa, kaya obadwa nawo monga osteogenesis imperfecta kaya obwera chifukwa chosowa vitamini D, ndiponso kuti kuthyokako sikunachitike pobadwa, monga zimachitikira ndi fupa la paphewa. Kulakwitsa pamenepa kumapweteka mbali zonse, chifukwa mwana akhoza kubwezedwa kwa womuzunza, kapena kholo losalakwa kulandidwa mwana.

Dokotala wa Ovulala anawonjezera kuti:

Pali kanthu kena kamene inu, Mayi Phungu, mungathandize nako mukamaperekeza anthu. Dokotala wowerenga zithunzi kawirikawiri samuona wodwala, amangoona kapepala kopempha kujambula. Pakapepalapo pakangolembedwa kuti kupweteka kwa mkono, iye amayang'ana mkonowo n'kulemba kuti fupa lathyoka, basi. Koma pakalembedwa kuti wodwala akunena kuti anamenyedwa ndi ndodo pamene ankatchinga mutu, pa tsiku lakuti, iye amayang'ananso zakale, n'kufotokoza ngati kathyokedweko kakugwirizana ndi zimenezo. Choncho limbikitsani wodwala kuuza dokotala zonse ali yekha, womuchitira nkhanza kapena achibale ake palibe, ndipo mawu ake alembedwe monga wawanenera.

Kunena za mayi uja, popeza padutsa miyezi, kutupa kwa minofu kunatha ndipo MRI mwina singaonetsenso kanthu, ngakhale kuti kholingo limene linathyoka n'kupola likhoza kuonekabe pa CT. Ngati mawu ake sanabwerere mwakale, dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi akhoza kuyang'ana m'kholingo ndi kachubu kokhala ndi kamera n'kulemba zimene wapeza, ndipo lipoti limenelo likhoza kuwonjezeredwa pa loyamba lija. Koma ngati akumva mutu kapena khosi kupweteka mbali imodzi mosalekeza, ngati chikope chimodzi chagwa, ngati dzanja kapena mwendo ukuchita dzanzi, kapena lilime likulemera polankhula, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akanene poyambirira pomwe kuti anakanyangidwapo pakhosi.